Makalata anu: za malemu AKA

Tiyambe ndi achimwene awa omwe angosaina kuti "wa Megacy mpaka kale" (Megacy ndi dzina la ma fan a AKA). Akuti: "Adha, anthu akamakamba za AKA amangothamangira ma beef, bwanji simunenako za luso lake?"

Achimwene mwalasa. AKA, rapa wa ku South Africa yemwe dzina lake lenileni ndi Kiernan Forbes, anabadwira ku Cape Town mu 1988, anatulukira ndi chimbale cha Altar Ego mu 2011 koma kwa ine chimbale chomwe chinamukhazika pampando ndi Levels cha 2014, muja muli All Eyes on Me yomwe anaimba ndi Burna Boy wa ku Nigeria. Nzeru yake inali yotola nyimbo zakale zomwe makolo ankavina ku Joni nkuzisampula, iye nkurapa pamwamba pake mchizungu, ndiye mumapeza mwana ndi bambo ake onse akugwedeza mutu pa nyimbo imodzi, wina akumva rap wina akukumbuka unyamata wake. Ambiri anayesa zimenezo koma sizimakoma chonchija.

Achemwali ena sakugwirizana nazo ata pang'ono. Alemba kuti: "Mumamukometsera dala. Munthuyu anali wamatama, wapakamwa, Cassper anamulakwira chani?"

Hahaha achemwali, za matamazo sindikutsutsani, munthu wodzitcha yekha Supa Mega mukuyembekeza kuti akhale wofatsa? Mkangano wake ndi rapa mnzake Cassper Nyovest unatenga zaka, mu 2015 zinafika poipa pomwe Cassper ananena kuti wamenyedwa mbama mu kalabu, kenako AKA anatulutsa Composure, Cassper nkuyankha ndi Dust to Dust. Ma fan a Cassper mundikhululukire, pa maikolofoni paja AKA anawina. Za nkhonya mu ring anangotopetsa nazo anthu pa Twitter, sizinachitike. Chomwe chinandinyansa ine ndi cha 2019, Bafana Bafana itagonja kwa Nigeria ku AFCON iye analemba zamkwiyo pa Twitter, ndipo zipolowe zothamangitsa alendo zitabuka ku Joni mu September anthu anazifukula, Burna Boy yemwe uja anaimba naye mpaka kumuwopseza poyera. Pakamwa pomwe pankamudyetsa ndi pomwenso pankamudanitsa ndi anzake.

Kalata iyi ndi yolemera, yachokera kwa mayi ena: "Mwana wanga amamukonda kwambiri, koma ine ndikakumbuka za mtsikana uja mtima umandiwawa. Kodi imfa ya AKA sinabwere chifukwa cha zomwezo?"

Mayi, apa tiyende pang'onopang'ono. Mtsikana mukunenayo, chibwenzi cha AKA, anamwalira mu April 2021 atagwa kuchokera pamwamba pa hotela ku Cape Town. Pambuyo pake panatuluka zithunzi za tsiku lina m'mbuyomo zoonetsa AKA akuthyola chitseko cha chipinda chomwe mtsikanayo anali, zosaoneka bwino olo pang'ono, ndipo amene anakhumudwa nazo sanalakwitse. Iye anakana kuti samamuzunza, boma silinamuzenge mlandu. Kenako pa 10 February 2023 anamuwombera kunja kwa lesitilanti pa Florida Road ku Durban, limodzi ndi mnzake Tibz, kutatsala masabata awiri okha kuti chimbale chake cha Mass Country chituluke. Apolisi anagwira anthu mu 2024, ena anawapeza ku Eswatini. Koma kulumikiza imfa ziwirizi ndi nkhani za pa Facebook mayi, ine pa wailesi pano sindingaweruze zimenezo, tizisiyire akhoti. Mwana wanuyo musamuletse nyimbozo, koma mukhale naye pansi mumuuzenso za chitseko chija.

Makalata otsala tiwerenga sabata yamawa, pano imvani Lemons, AKA ndi Nasty C.