Kanjira kamene boti limasiya m'madzi osanjikizana

Moni abale anga a kuno ku Lusaka, a ku Chawama, Matero ndi Kalingalinga, ndi inu akumudzi amene mukumvera pa foni. Lero tili pamadzi. Ambiri a ife tikaisowa nyanja ya kwathu ya Malawi timatsikira ku Siavonga kukaona Kariba, ndipo nyanja ziwirizi zili ndi khalidwe limodzi: madzi ofunda, opepuka, amakhala pamwamba, ozizira ndi olemera pansi. A Kariba amasakanikirana m'nyengo yozizira, koma a nyanja ya Malawi kupitirira mamita 250 kupita pansi amangokhala phee, opanda mpweya.

Chinthu chodziyendetsa chokha m'madzi otere, kaya nsomba kaya sitima ya pansi pa madzi, thupi lake limakokera madzi kutsogolo pamene mchira kapena pulopela ikuwaponya kumbuyo. Mphamvu ziwirizi zikafanana zimathetsana, n'chifukwa chake kanjira kake kamazilala msanga kuposa ka chinthu chokokedwa ndi chingwe. Poyamba madzi ovundukawo amatukumuka mbali zonse. Kenaka olemera amene anatukulidwa amabwerera pansi, opepuka amakwera, kanjirako n'kuphwathalala ngati chitumbuwa choponderezedwa, n'kutumiza mafunde oyenda mkati mwa madzi. Asayansi awiri, Schooley ndi Stewart, anazionetsa m'thanki mu 1963.

Yesani kuona mafunde a mkati mwa madziwa ndi ana kunyumba, n'zosangalatsa zedi. Pezani thanki lagalasi la masentimita 60 m'litali, mchere wa pa Soweto Market ndi kaboti ka mabatire ka ku Kamwala. Sungunulani magalamu 35 a mchere pa lita iliyonse, ndiye masupuni aakulu awiri, muthire mpaka theka. Madzi apamwamba akhale opanda mchere, muwadonthezere mtundu wa m'keke. Mazoe kapena Sobo ayi, shuga wake amalemeretsa madzi, amamira. Yandamitsani siponji, madziwo muziwathira pa iyo pang'onopang'ono mpaka akwane masentimita 4 pamwamba pa amchere aja. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: akathira mothamanga malire a madzi awiriwo amafufutika, osaonanso kanthu.

Pa muyeso umenewu mafunde a pamalirepo amayenda pafupifupi masentimita 10 pa sekondi. Boti likapitirira liwiro limeneli limangowasiya kumbuyo, choncho ikani mabatire otha mphamvu, ndi misomali ingapo kuti lilowe m'madzi masentimita 2 kapena 3. Gwadani, diso likhale pagalasi. Pamwamba mpabata, koma pansi, chakumbuyo kwa boti, malire aja atumphuka chulu chimene chikulilondola, botilo likuchita kukwawa chifukwa mphamvu ya injini ikuthera kukweza madzi amcherewo. Zimenezi zinagwira sitima ya Nansen, wofufuza wa ku Norway, yotchedwa Fram mu 1893, pamene madzi a ayezi wosungunuka anakhala pamwamba pa amchere, ndipo wasayansi wa ku Sweden, Ekman, anazilongosola mu 1904.

Mukayendetsa kamodzi, dikirani madzi akhazikike. Malire akayamba kuoneka mbuu, tayani muyambirenso ndi madzi atsopano.