Maker's Mark: banja lomwe linachotsa rye n'kuika tirigu

[Chithunzi: botolo la Maker's Mark, phula lofiira likuyenderera pakhosi]

Takulandirani owonera athu. Botolo ili limachokera ku Loretto, m'chigawo cha Kentucky ku America, ndipo mbiri yake ndi ya banja la a Samuels.

Mowawu ndi wisiki wa mtundu wotchedwa bourbon. Tiyambe ndi lamulo, chifukwa si wisiki aliyense amene ali bourbon. Ayenera kupangidwa ku America, chimanga chikhale 51 peresenti kapena kuposa pa mbewu zonse, ndipo akhwimire mu mgolo watsopano wa mtengo wa oak wowauliridwa m'kati. Polowa mu mgolo mphamvu yake isapitirire 62.5 peresenti, ndipo m'botolo isachepere 40 peresenti. Mbewu zotsalazo mwini fakitale amasankha yekha. Ambiri amaika rye, mbewu yofanana ndi tirigu koma yopatsa mowa ukali woluma pakhosi.

A Samuels anali atatcheza wisiki ku Kentucky kwa mibadwo ingapo. Lamulo loletsa mowa la 1920 mpaka 1933 linaimitsa ntchitoyo, ndipo atayambiranso, Bill Samuels wamkulu sanakhutire ndi mowa wa makolo akewo: unali waukali kwambiri. Mu 1953 anagula fakitale yakale ya Burks ku Loretto pa madola 35,000. Nkhani ya pabanjapo imati anatentha pepala la kapangidwe kakale pamaso pa ana ake.

Vuto linali nthawi. Kuti udziwe ngati kasakanizidwe ka mbewu kali bwino, uyenera kudikira zaka mowa uli mu mgolo. Iye ndi mkazi wake Margie anapeza njira yachidule: anaphika buledi ndi mbewu zosakaniza mosiyanasiyana n'kumalawa. Buledi wopanda rye, wokhala ndi tirigu wofewa wofiira, ndiye anawakomera. Mpaka lero muyezo ndi womwewo: chimanga 70 peresenti, tirigu 16, chimera cha balere 14.

[Chithunzi: chigayo, kenako mitsuko ikuluikulu yamatabwa ikuchita thovu]

Apa tichedwepo, pakuti kukoma kumapangidwa kapena kuwonongeka pano. Mbewu amazipera ndi chigayo chopsinja, osati chomenya, chifukwa chomenya chimatenthetsa ufa ndipo kawawa kamalowa. Pophika amayamba ndi chimanga pa moto waukulu, tirigu amabwera kutentha kutatsika, chimera chimalowa pomaliza. Mukathira chimera phala likadali lotentha kwambiri, mphamvu yake yosandutsa ufa kukhala shuga imafa, yisiti imasowa chakudya, mowa umatuluka wochepa. Madzi a kumeneko amadutsa m'miyala ya laimu ndipo alibe chitsulo. Madzi achitsulo amadetsa wisiki n'kumuwawitsa.

M'phalamo amathiramo masese otsala pa kutcheza kwapita. Masesewo ndi owawasa, choncho amaletsa tizilombo tosafunika kuswana ndipo mowa wa lero umafanana ndi wa dzulo. Phala limawira masiku pafupifupi atatu, kenako amalitcheza kawiri. Amene anaonapo kachasu akutchezedwa aizindikira ntchitoyi: nthunzi ikwera, izizira, idontha. Mowawo umatuluka woyera ngati madzi, ndipo amausungunula ndi madzi kufika 55 peresenti asanauthire mu mgolo wa malita pafupifupi 200. Lamulo limalola kuposa pamenepo, ndipo kuthira wamphamvu kukanapulumutsa migolo, koma wocheperako mphamvu amatenga kutsekemera kwa thabwa mofatsa.

Mtundu wonse wofiirira umachokera mu mgolo. Kukatentha mowa umalowa m'thabwa, kukazizira umabwerera. M'nyumba zosungira, pamwamba pamatentha kuposa pansi, ndiye migolo ikangosiyidwa malo amodzi ina imapsa msanga ina imatsalira. Ku Maker's Mark amaisuntha: imayambira pamwamba, pakapita zaka amaitsitsa. Ndi ntchito yolemetsa imene mafakitale ambiri sachita. Mowa umakhala zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi, ndipo olawa ndiwo amanena kuti wakhwima, osati kalendala.

[Chithunzi: wantchito akuviika khosi la botolo m'phula]

Kunja kwa botolo ndi nzeru za Margie, ndipo dzina lake liyenera kutchulidwa mokweza. Ankasonkhanitsa ziwiya zachitsulo zakale zokhala ndi chidindo cha mmisiri, ndipo dzina la mowawu linachokera pamenepo: Maker's Mark ndiye kuti chidindo cha mmisiri. Anakonza maonekedwe a botolo, zilembo za pachikwangwani, ndi phula lofiira limene anayamba kuliyesa kukhitchini kwake. Pachidindo pali nyenyezi ya munda wawo wa Star Hill, S wa Samuels, ndi IV wa mbadwo wachinayi. Mabotolo oyamba anatuluka mu 1958, ndipo mpaka pano amaviikidwa pamanja.

Malonda anayenda pang'onopang'ono kufikira 1980, pamene nyuzipepala ya Wall Street Journal inalemba za fakitaleyi patsamba loyamba. Mu 1981 banja linagulitsa kampani kwa kampani ina ya mowa yotchedwa Hiram Walker, inadutsa m'manja angapo, ndipo kuyambira 2014 ili pansi pa Suntory ya ku Japan. Komabe oyendetsa anakhalabe a Samuels: Bill wamng'ono, mwana wa Bill wamkulu, kuyambira 1975, ndi Rob, mwana wa Bill wamng'ono, kuyambira 2011. Bill wamng'ono ndiye anatulutsa mtundu watsopano wotchedwa Maker's 46 mu 2010, poika matabwa khumi owauliridwa a oak wa ku France mu mgolo wa mowa wokhwima kale kwa masabata pafupifupi asanu ndi anayi.

Mu February 2013 ogula anachuluka kuposa mowa umene unali m'migolo. Kampani inalengeza kuti itsitsa mphamvu kuchoka pa 45 kufika pa 42 peresenti, kutanthauza kuwonjezera madzi kuti mabotolo achuluke. Ogula anakwiya kwambiri, ndipo patangotha pafupifupi sabata imodzi, Bill ndi Rob anapepesa n'kubwezera 45 peresenti. Njira yotsala inali kukuza fakitale, kudzaza migolo yambiri, ndi kuidikira zaka zake zisanu ndi chimodzi.