Nyumba ya bwana mmodzi yomwe inadzagonamo anthu 100

[Kamera ikuyenda pang'onopang'ono mu msewu wa Henrietta Street]

Takulandirani nonse. Lero tili ku Dublin, likulu la dziko la Ireland, mu kamsewu kakafupi kotchedwa Henrietta Street. Taonani nyumba zazitali za njerwa zofiirazi, zagundanagundana khoma ndi khoma. Ife tikulowa nambala 14.

Kamangidwe aka amakatchula kuti Georgian, potengera mafumu anayi a ku Britain omwe onse dzina lawo linali George. Analamulira motsatizana kuyambira 1714 mpaka 1830, ndipo nthawi imeneyo Ireland inali m'manja mwawo. Msewuwu anayamba kuukonza ndi Luke Gardiner m'zaka za m'ma 1720, ndipo nambala 14 inamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1740. Woyamba kukhalamo anali Viscount Molesworth, mkulu wa asilikali, ndi banja lake.

[Kutsogolo kwa nyumba, kuchokera pansi kukwera m'mwamba]

Kunja kulibe zokongoletsa zambiri. Kukongola kwake kuli pa miyeso. Yang'anitsitsani mawindo: a pa nsanja yoyamba pamwamba pa khomo ndi aatali, chifukwa m'menemo ndimo munali zipinda zolandirira alendo. Mukamakwera, mawindo akunka nafupika. Mawindowa satsekukira kunja ngati athu. Amakwezedwa ndi kutsitsidwa, ndipo m'mbali mwa felemu muli zitsulo zolemera zomangidwa ku chingwe zomwe zimagwira windo kuti lisagwe. Tikayang'ana pansi, kuseri kwa mpanda wachitsulo, tikuona nsanja ina yomwe ili m'munsi mwa msewu. Uko kunali kukhitchini, kwa antchito. Munthu wodutsa ankadziwa yemwe ali bwana ndi yemwe ali wantchito pongoona khoma.

Chuma chenicheni ankachiika m'kati: siling'i yojambulidwa ndi pulasitala, zitseko za matabwa zosemedwa, ndi masitepe aakulu oti mlendo akangolowa agome.

Ulemererowo sunakhalitse. Mu 1801 Ireland inaphatikizidwa ndi Britain, nyumba ya malamulo ya ku Dublin inatsekedwa, akuluakulu ambiri n'kusamukira ku London. Henrietta Street inasanduka ya maloya, poti sukulu yawo ya King's Inns ili kumapeto kwa msewu womwewu. Kenaka mu 1876 Thomas Vance anagula nambala 14, n'kuchotsa masitepe aakulu aja, n'kuidula zidutswa 19 zochititsa lendi.

[Chipinda chachikulu, pansi pakuoneka mizere ya pomwe panali makoma ogawa]

Apa tiime pang'ono. Kalembera wa mu 1911 anapeza anthu pafupifupi 100 m'nyumba imodzi yomweyi, ndipo msewu wonse unali ndi anthu oposa 800. Chipinda chomwe bwana ankachezeramo ndi alendo ake chinasanduka nyumba ya banja lonse. Kuphika momwemo, kugona momwemo, mwana kubadwira momwemo, maliro kugonera momwemo. Madzi ndi chimbudzi ankachita kulandizana mabanja ambirimbiri. Chitseko cha kumsewu sichinkakhomedwa, moti osowa pogona ankalowa usiku n'kugona pa masitepe a kuseri. Amene munakhalapo pa mdadada wa lendi, mpopi umodzi nyumba khumi, mukudziwa kuti m'mawa zimakhala bwanji. Anthu omaliza anatulukamo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970.

Nanga inapulumuka bwanji? Kunena zoona, mwayi unalipo, chifukwa zinzake zambiri zinapita. Mu 1963 nyumba za mtundu womwewu zinagwa ku Bolton Street ndi Fenian Street, anthu anayi n'kufa, ndipo akuluakulu a mzinda anayamba kusamutsa anthu ndi kugumula mwachangu. Panalinso ena omwe ankati nyumbazi ndi chikumbutso cha atsamunda, zipite basi. Mu 1965 kampani ya magetsi ya ESB inagwetsa nyumba 16 zondondozana ku Fitzwilliam Street kuti imange maofesi, ngakhale anthu anachita zionetsero. Bungwe la Irish Georgian Society, lomwe Desmond ndi Mariga Guinness anayambitsa mu 1958, linalimbana ndi zoterezi kwa zaka zambiri malamulo asanakhwime.

Lamulo la mapulani la chaka cha 2000 linati khonsolo iliyonse izisunga kaundula wa nyumba zotetezedwa. Nyumba ikalowa m'kaundulamo, chitetezo sichithera pa khoma lakumaso. Chimakhudza m'kati ndi bwalo lomwe. Mwini wake sangasinthe chinthu chokhudza maonekedwe ake popanda chilolezo, komanso saloledwa kungoisiya kuti iwole. Akainyalanyaza, khonsolo ili ndi mphamvu yomulamula kukonza, mwinanso kuigula mokakamiza. Mu 2000 khonsolo ya Dublin inayamba ndondomeko yotenga nambala 14, yomwe inali itatsala pang'ono kugwa.

[Khoma la m'khonde la m'kati, penti wofiira pansi, wabuluu pamwamba]

Funso lovuta linali lakuti aibwezeretse ku chaka chiti. Njira yapafupi inali kupala zonse, kupaka penti watsopano, kuika mipando ya mabwana, alendo azijambulitsa. Akatswiri a Shaffrey Architects sanatero. Analimbitsa makoma ndi denga, koma zipsera anazisiya. Penti mukuonayu ndi wa nthawi ya anthu a lendi: wofiira m'munsi, ndi buluu wotchedwa Reckitt's Blue pamwamba, dzina lomwe lija la buluu wochapira zovala zoyera. Zidutswa za mapepala omata pa khoma zikadalipo, pomwe chapamwamba pake pali pulasitala wa m'ma 1700.

Ine ndikuti anachita bwino. Mabwana anakhalamo zaka makumi angapo, osauka anakhalamo zaka pafupifupi 100. Kufufuta zizindikiro zawo kukanakhala kunama.

Nyumbayi inatsegulidwa ngati myuziyamu mu 2018. Simungoyendamo nokha, pamakhala wokuperekezani, ndipo zambiri zomwe amafotokoza zinachokera kwa anthu omwe anakulira m'nyumba za lendi za mu Dublin. Ulendowo umayambira m'zipinda za bwana n'kukafika m'chipinda chokonzedwa monga chinalili m'zaka za m'ma 1960, bedi, mapoto ndi zithunzi za tchalitchi zili m'malo mwake.