Moose ndi deer: abale amodzi, koma wina akupha mnzake

(Chithunzi: moose yaima m'dambo, madzi akuchucha kukamwa)

Tayang'anani bwino nyama iyi. Miyendo italiitali, mphuno yolendewera, linunda paphewa, chikopa chikulendewera pakhosi. Iyi ndi moose. Ndiye onaninso iyi, yowonda, yochenjera, yaimika mchira woyera n'kulumphira m'tchire. Iyi ndi deer ya mchira woyera ya ku North America. Mutaziika pamodzi simungakhulupirire kuti n'zapachibale, komatu zonse zili m'banja limodzi lotchedwa Cervidae, ndipo moose ndiye chimphona cha banja lonselo.

Chibale chake mumachionera pa nyanga. Nyama zonsezi zimabzikula, zili ndi ziboda zogawanika, ndipo zilibe mano akutsogolo a m'mwamba. Koma nyanga zake n'zosiyana ndi za mbawala, zimene zikamera zamera mpaka imfa. Za banja ili ndi fupa lenileni, ndipo zimathothoka chaka ndi chaka n'kumeranso zina. Zikamakula zimakhala zokutidwa ndi khungu laubweya lodzaza mitsempha ya magazi. Zikakhwima, yamphongo imazikhukhuza pamitengo mpaka khungulo litasendeka.

(Chithunzi: nyanga ziwiri zoyandikana)

Za deer zimachita nthambinthambi zosongoka. Za moose zimakhala zophwatalala, ndipo zimatha kutambalala mamita 1.8. Moose yamphongo ya ku Alaska imafika mamita 2 paphewa, kulemera kwake kupitirira makilogalamu 600. Deer ya mchira woyera imangofika pafupifupi mita imodzi.

Thupi lonse la moose linapangidwira kuzizira ndi madzi. Miyendo ija imaithandiza kudutsa m'chipale chofewa chakuya ku Canada, Sweden, Finland ndi Russia. Mphuno ija imatsekeka ikamiza mutu m'nyanja, ndipo imadya zomera za pansi pa madzi chifukwa zili ndi mchere umene masamba a kumtunda alibe. Imakonda kuyenda yokha, pamene deer zimayenda m'timagulu. Ana a deer amabadwa ndi mawangamawanga oyera owabisa m'udzu. A moose alibe, amadalira mayi wawo, amene akakwiya amaponda ndi miyendo yakutsogolo moti ngakhale mmbulu umabwerera.

Pamsewu kusiyanaku kumakhala nkhani ya moyo ndi imfa. Galimoto ikagunda moose imathyola miyendo, thupi lonselo n'kugwera pagalasi lakutsogolo, pomwe pali anthu. N'chifukwa chake ku Sweden amayesa magalimoto kuti aone ngati angathe kukhota mwadzidzidzi osagubuduka. Mu 1997 galimoto ya Mercedes A-Class inagubuduka pamayeso amenewa.

(Chithunzi: nkhono ikukwawa patsamba)

Tsopano mvetserani chimene ine chimandipweteka mtima. Deer za mchira woyera zimanyamula kanyongolotsi kokhala m'mutu, pafupi ndi ubongo. Deer yokha sikaivutitsa kwenikweni. Mphutsi za kanyongolotsiko zimatuluka m'ndowe za deer, n'kulowa mu nkhono zing'onozing'ono. Moose ikamadya masamba imameza nkhonozo mosadziwa. Kanyongolotsiko kakalowa mu moose kamawononga msana ndi ubongo. Nyamayo imapendeka mutu, imayenda mozungulirazungulira, imaleka kuopa anthu, kenako imagwa osadzukanso.

Kale nyama ziwirizi sizinkakumana kwambiri, chifukwa chipale chakuya chinkatchinga deer kuti zisapite kumpoto. Masiku ano nyengo yozizira ikufupika, ndipo deer zikulowerera m'nkhalango za moose. Kumpoto chakum'mawa kwa Minnesota, chigawo cha ku United States, moose zinalipo zopitirira 8,000 mu 2006, koma pofika 2013 zinatsala zosakwana 3,000. Mimbulu ndi nkhupakupa zinathandizira, koma kanyongolotsi kaja kanapezeka m'mitembo yambiri imene akatswiri anapima. Boma la kumeneko linaimitsa kusaka moose chaka chomwecho.