Chishalo Chikamapweteka: Mawu kwa Ongoyamba Kupalasa Njinga Zothamanga

Zikomo a Nyakwawa pondipatsa mpata. Amayi, abambo ndi achinyamata nonse, ndakulonjerani.

Kuno kuchigwa palibe wosadziwa njinga. Timanyamulirapo thonje, makala, ngakhale odwala popita kuchipatala. Koma njinga zayamba kufikazi, za matayala owonda ndi mahandulo opindikira pansi, n'zina ndithu. Sabata yatha mnyamata wina anafika kwathu akukankha yake, atakulunga siponji ndi chitenje pachishalo n'kumanga ndi mphira. Akuti anangochoka ku Nchalo kukafika ku Ngabu, madzulo ake n'kukanika kukhala pampando. Ndinamumvera chisoni, chifukwa siponjiyo ndi imene inkawonjezera vuto.

Tagwirani m'munsi mwa matako anu, mupeza mafupa awiri olimba. Amenewo ndi amene ayenera kusenza thupi pachishalo. Mukayala chofewa, mafupawo amamira, ndiye kulemera konse kumapita pakati, pomwe pamadutsa mitsempha. Chishalo cha njinga yothamanga anachipanga chowonda komanso cholimbirapo mwadala, kuti ntchafu zisamakhuzike mukawerama.

Choyamba n'kutalika kwake. Khalani pachishalo mnzanu atakugwirirani njinga, ikani chidendene papedulo ili pansi penipeni. Mwendo uwongoke bwinobwino. Mukabweza phazi n'kuponda ndi kutsogolo kwake, bondo lizipindika pang'ono. Wina akakuyang'anani kumbuyo n'kuona chiuno chikugwedezekera uku ndi uku, ndiye kuti mwakweza kwambiri, ndipo mudzanyuka. Pachitsulo chonyamula chishalo pali mzere, musachisolole kupitirira pamenepo.

Chishalocho chigone mowongoka. Mphuno yake ikaloza kumwamba imakubayani, ikaloza pansi mumatsetserekera kutsogolo, manja ndi mapewa n'kumawawa. Posintha musamapupulume, mamilimita 3 kapena 5 akwana, kenako muyese masiku awiri.

Tsono mverani ichi, chifukwa n'chakwathu kuno. Wokwera chitunda cha Thabwa amaimirira yekha pamapedulo, magazi n'kumayenda. Ife msewu wathu wa M1, kuchoka pa Dyeratu mpaka ku Bangula ndi ku Nsanje, ndi wathyathyathya. Munthu amangokhala phee pamalo amodzi ola lathunthu. Muziimirira dala pakatha mphindi 10 kapena 15 zilizonse, n'kupalasa kangapo muli chiimire. Onjezanipo kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala, kumene kumapitirira madigiri 40. Thukuta, fumbi ndi msoko wa kabudula zikakumana, zithupsa sizichedwa. Nyamukani m'mamawa. Mukapeza kabudula wa opalasa njinga wokhala ndi kansalu kofewa pakati, amavala wopanda china m'kati. Ngati mulibe, sankhani wopanda msoko wokhuthala, mudzole Vaseline pokhuzikapo, ndipo mukangofika sambani, chapani kabudulayo.

Akuluakulu mundikhululukire, ndinena poyera chifukwa achinyamata amabisa. Mafupa awiri aja akamawawa masabata awiri kapena atatu oyamba, musadandaule, thupi likuzolowera. Yambani ndi theka la ola, mawa lake mupume. Koma dzanzi kumalo obisika, kwa mnyamata kapena mtsikana, si chinthu chozolowera ayi. Tsikani, konzani chishalo. Dzanzilo likakhala masiku osachoka, kapena chithupsa chikatupa n'kuyamba mafinya, pitani kuchipatala osachita manyazi. Mutu umodzi susenza denga, uzani mnzanu wodziwa njinga akuthandizeni kuona pamene palakwika.

Ndabwera ndi makatoni awa. Aliyense ayale lake pabenchi, akhalepo atawerama pang'ono ngati ali panjinga, kenako adzuke. Patsala timaenje tiwiri. Tiyeza kuchokera pakati pa kena kufika pakati pa kanzake, tiwonjezere masentimita awiri, ndipo tidziwa kukula kwa chishalo chokuyenerani. Atsikana inu kumbuyoko yambani ndinu, bweretsani njinga zija kuno pamthunzi.