Script ya update ikufa pa seva? Siyani chmod 777 ija

Muli bwanji abale, a ku Ulongue, a Tsangano, a Moatize, ndi inu a pa Zóbuè amene mega zatsala pang'ono, sinditaya nthawi. Lero ndi za script ya update imene ikufera panjira pa seva ya Linux, service osadzuka, bwana foni kungoimba.

Nambala 1, werengani uthenga kaye. Lembani systemctl status dzina, kenako journalctl -u dzina -e, pa dzina paja ikani dzina la service yanu. Mukaona 203/EXEC ndiye kuti systemd, imene imayendetsa ma service pa Linux, yalephera ngakhale kuyambitsa pulogalamuyo, onani njira ya pa mzere wa ExecStart mu fayilo ya .service. Mukaona 127, command sinapezeke. Mwachitsanzo ma script akale amaitana initctl ya Upstart, imene inkayendetsa ma service kale, chonsecho Ubuntu inasamukira ku systemd mu 2015 pa 15.04.

Nambala 2, bash -x script.sh, ikuonetsani mzere ndi mzere mpaka pomwe yagwera. Pronto.

Nambala 3, apa ndikhalitsa chifukwa zimandiwawa. Munthu akangoona Permission denied basi chmod 777, command yosintha zilolezo za fayilo, ati mankhwala a zonse. Bodza limenelo achimwene! 7 ija ndi 4 kuwerenga, 2 kulemba, 1 kuyendetsa, ndipo ma 7 atatuwo ndi mwini wake, gulu, ndi wina aliyense. Tsono script imene systemd imaiyendetsa ngati root, mwini mphamvu zonse pa makina, mwailola kuti aliyense wa pa makinapo ailembemo zake, akalemba, update yotsatira zakezo ziyenda ndi mphamvu za root. Zili ngati kuzula chitseko cha golosale poti kiyi wavuta. Ndipo nthawi zambiri vuto silinali pamenepo n'komwe. Mwina script ili mu /tmp imene inamauntidwa ndi noexec, yoletsa kuyendetsa mapulogalamu mmenemo, ikani 777 kambirimbiri siyiyenda, onani ndi findmnt. Mwina ndi SELinux, chitetezo china cha pa Fedora kapena Rocky Linux, imeneyo siyisamala za 777 yanu. Mwina munailemba pa Windows ndiye mizere ikuthera ndi CRLF, mathero a mzere a Windows, bash n'kunena bad interpreter ndi ka ^M kumapeto, apo ndi dos2unix basi. Ndiye pali ena amafika poika chmod -R 777 pa /usr, eee, pamenepo setuid, chilolezo chimene chimapatsa sudo mphamvu za root, imachoka, sudo n'kukana, mwadzitsekera kunja. Ngakhale ssh imakana kiyi wanu akakhala wotseguka kwa aliyense. 755 ndi yokwanira pa script, mwini wake root.

Ngati zikukuthandizani dinani like ndi subscribe, belu lija musaiwale, ndipo amene mukufuna makalasi a Loweruka link ya gulu la WhatsApp ili m'munsimu.

Nambala 4, ija ya "pamanja ikuyenda koma pa systemd ayi". systemd siyiwerenga .bashrc yanu, PATH yake, malo amene imafufuzamo ma command, ndi ina, choncho lembani njira yonse, /usr/local/bin/chakuti.

Nambala 5, mukasintha fayilo ya .service pangani systemctl daemon-reload musanapange restart, apo ayi ikuyendabe ndi zakale.

A Debian ndi Ubuntu, ngati apt, yoikira mapulogalamu, yaima pakati magetsi atathima, dpkg --configure -a, ndipo script imene ikukana muipeza mu /var/lib/dpkg/info, dzina lothera ndi .postinst. Lembani mu komenti code imene yakutulukirani, vidiyo yotsatira ndi ya ma timer a systemd m'malo mwa cron.