Msonkhano wa khansala ukhale pa nthawi yoti ifenso tipezekepo

Amayi ndi abambo, achimwene ndi achemwali, zikomo kuti mwatsalira mapemphero atatha. Ndikudziwa ena mukuganiza kale za mphika, ndiye sindikuchedwetsani.

Ndiyambe ndi zimene ndinaona ndekha. Tsiku lina anamata chikalata pa khoma la sitolo kuti kuli msonkhano wa khansala wa dera lathu kuno ku Joni, Lachitatu 10 koloko m'mawa. Ndinapempha abwana maola atatu, anandidula malipiro, ndinapita. M'holomo ndinapezamo anthu opuma pantchito ndi eni nyumba, mipando yambiri ili yokha. Anakambirana za mahampu a pamsewu mpaka nthawi kutha. Za suweji imene inali ikuyenderera kuseri kwa zipinda zathu za lendi, pamene ana amasewera, palibe anaitchula kufikira ine nditaimika mkono. Anthuwo sanali oipa ayi. Amene amadumpha madzi onunkhawo m'mawa uliwonse anali pa ganyu, ena akusita zovala ku Sandton, ena ali m'masitolo a ku Fordsburg.

Kwathu mfumu yanzeru siitanitsa msonkhano m'mawa mvula yodzalira itagwa. Imadikira anthu aweruke kumunda. Kuno ku Joni munda wathu ndi ntchito, ndipo woika nthawi ya msonkhano amakhala wasankhiratu amene adzalankhule.

Mwina wina akuti, "Ife ndife alendo, sitivota, zikutikhudza bwanji?" Zoona, kuvota n'kwa nzika za dziko lino. Koma lamulo la makhonsolo la 2000, Municipal Systems Act, likamatchula anthu a m'dera limawerenga aliyense wokhalamo, ngakhalenso wongobwera kudzagwiritsa ntchito zinthu za mzinda. Madzi a Johannesburg Water timamwa, magetsi timalipira, zinyalala zathu amatola a Pikitup. Lamulo lomwelo limati khonsolo izilengeza tsiku, nthawi ndi malo a misonkhano yake, ndipo pokonza njira zomvera anthu iziganizira amayi, olumala ndi osatha kulemba ndi kuwerenga. Ikapempha maganizo olembedwa, wosatha kulemba ali ndi ufulu wopita ku ofesi kuti wantchito wa khonsolo amulembere. Paja akuluakulu amati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa.

Mzinda wa Johannesburg uli ndi mawodi 135 m'zigawo zisanu ndi ziwiri, kuyambira A mpaka G. Diepsloot ili ku A, Alexandra ku E, Yeoville ndi Hillbrow ku F. Wodi iliyonse ili ndi khansala, ndi komiti ya anthu osapitirira khumi imene iye amaitsogolera. Chaka cha ndalama chimayamba pa 1 July, ndipo bajeti imayenera kuperekedwa ku khonsolo kutatsala masiku osachepera 90. N'chifukwa chake misonkhano ya IDP, pulani ya chitukuko ya zaka zisanu ija, imachuluka cha mu April. Mukaphonya pamenepo, mwaphonya chaka.

Tsono nthawi yabwino ndi iti? Apa mpamene ndafuna tiime pang'ono. Ena amati madzulo 6 koloko. Koma amayi amene aweruka 5 koloko, n'kukaima pa mzere wa matakisi ku Bree, afika nthawi yanji ku Diepsloot? Ndiye nyengo yozizira dzuwa limalowa msanga. Ndani angalole mlongo wake kuyenda mumdima kuchokera ku holo? Lachisanu masana abale athu achisilamu ali ku mzikiti. Lamulungu m'mawa ife tili muno. Loweruka la kumapeto kwa mwezi musayerekeze n'komwe, aliyense ali kalikiliki kutumiza ndalama ndi katundu kumudzi. Kwa ine, Loweruka la pakati pa mwezi, 2 koloko masana, ndiye likhoza. Abale a Sabata ndikukuonani mukupukusa mitu, ndipo simukulakwa. N'chifukwa chake ndikuti tipemphe misonkhano iwiri ya nkhani imodzi, wina Loweruka, wina Lamulungu masana. Alonda ogwira usiku nawonso apezapo pawo.

Chidziwitso chifike kudakali masabata awiri, chifukwa abwana sauzidwa za mawa lero. Holo ikhale yofikako wapansi. Msonkhano uyambe pa nthawi yake, anthu alankhule koyambirira, osati akuluakulu atatha maola awiri pa maikolofoni amayi a ana atanyamuka kale. Ngati Chizulu kapena Chingelezi chikukuvutani, khalani pafupi ndi achinyamata athuwa akumasulireni.

Amene mtima sukukulolani kukaonekera ku holo, sitikukakamizani. Nenani nkhani yanu kwa ife, tikaipereka m'kalata ya gulu.

Kalatayo alembi aiyamba kale, yopita kwa khansala ndi komiti yake. Pepala likuyenda kuchokera kumbuyoko. Lembanipo dera limene mumakhala ndi tsiku limene mumapuma, dzina ngati mukufuna. Amayi a kutsogolo kuno, cholembera chili pa tebulopo.